Ndinati Ndipita

Loweruka usiku, Mlanda wazizira mpaka m'mano.
Ndayatsa tochi ya foni, ndikukonza ulaliki wa mawa,
ndipo andipatsa fanizo lija la ana awiri aamuna:
wina anavomera kupita kumunda, osapita,
wina anakana, mtima n'kumubweza, napita.
Ndalilalikirapo kanayi. Ndimalidziwa ngati njira ya ku Lizulu.
Koma lero likundiyang'ana ndi maso a Layisoni.

Chaka chimene bambo anafa ziwalo mbali imodzi,
kachewere anali atakhwima kumunda wa kutsidya,
mitambo ikuunjikana cha ku Mozambiki.
Anatiitana, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka theka.
Ine ndinagwada. Ndinati, Bambo musade nkhawa, ndipita.
Ndinanena bwino, mawu ositidwa ngati malaya a pa Sabata.
Layisoni anaima pakhomo, kachasu ali guu,
nati, Ine toto. Tumani mkulu wa mpingoyu,
si ndiye mwana wanu?

Lolemba kunali bwalo la akulu a mpingo.
Lachiwiri, maliro a mayi wa chigwirizano.
Lachitatu ndinaperekeza abusa kukadyetsa odwala mgonero.
Zifukwa zoyera zokhazokha,
palibe chimene mungachiloze chala.
Lachinayi nditatsika ndi khasu
ndinapeza mizere yonse itagadabuzidwa,
matumba khumi ndi anayi atasokedwa kukamwa,
Layisoni atatsamira lomaliza,
zala zitang'ambika ndi chisanu,
kabotolo kopanda kanthu kali pambali.
Sanadzutse mutu.
Anangoti, Mwabwera kudzapempherera matumba?

Paguwa timalithira shuga fanizoli.
Timati wokana uja analapa, anasamba,
anadzakhala pa benchi yakutsogolo.
Ndawerenganso katatu, zimenezo mulibe.
Silikunena kuti anasiya mowa,
silikunena kuti anabwerera kukapepesa kwa atate ake.
Anapita, basi.
Silikunenanso kumene wovomera uja anaswera tsiku lonse.
Kumeneko ine ndikukudziwa.

Layisoni sanapondenso m'tchalitchi
chimudulireni mumpingo, zaka khumi ndi zitatu zapitazo.
Kalata yake ndinalemba ndine, mlembi wabwino,
sindinalakwitse ngakhale chilembo chimodzi.
Masiku ano amakweza kabichi m'malole a ku Blantyre,
belu likalira amati, Akuitana anthu, osati ife.
Koma bambo atayamba kudziipitsira pogona
ndi iye ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwameta ndevu,
akutukwana chapansipansi, madzi atawayesa ndi chigongono.
Ine ndinkabwera madzulo ndi pemphero.

Musandimve molakwa, si woyera mng'ono wangayo.
Mwa matumba aja, awiri anathera kwa mayi ophika kachasu.
Nangozo anabwerera kwawo ku Biriwiri ndi chipsera pachipumi,
ndipo sanagwe pa njinga monga tinkauzira anthu.
Ndikanakonda fanizo loti lindipatse sikelo,
ndiike zake uku, zanga uku,
tione ngati singano singandikomere.
Koma limangofunsa kafunso kamodzi:
mwa awiriwa, kumunda kunafika ndani?

Amene anafunsidwa tsiku lija anayankha molondola.
Pamenepo ndi pamene pakundisowetsa tulo.
Anali anthu onga ine, odziwa mayankho,
anakhoza mayeso, nanyamuka osasintha kanthu.
Mawa ndikafunsa, mpingo wonse ukayankha pamodzi,
ana a Sande sukulu akakweza manja,
ine ndikati ameni,
tikatola chopereka.

Batire yatsala pang'ono. Chifunga chatsika m'phiri.
Kunjira ndikumva mapazi osalondolozana,
ndi Layisoni, akuchokera kumsika,
akuimba nyimbo imene mayi anatiphunzitsa tili ana,
mawu ena waiwala, akuikamo akeake.
Waima pafupi ndi mpanda wanga, akutsokomola.
Pa mbaula pali tiyi wotsala, makala sanazime.
Kuchoka pampando pano kukafika pachitseko
ndi mapazi asanu okha.

Ndikuti, ndimutsegulira.
Ndanena bwino.
Ndikadali chikhalire.